Tebulo Lopendekera Kumanzere

Pa moyo wanga wonse sindinapangepo chinthu chokhota, kupatula chimodzi. Funsani aliyense amene anakhalapo pa mpando wanga, kuyambira ku Chikangawa mpaka ku Manyamula. Sukulu ndinalekera panjira, ndipo zilembozi ndimazikoka ngati zipika, koma diso langa likagwera pa chitseko limadziwa kuti chapendekeka levulo isanatuluke m'thumba. Unyamata wanga unathera ku Chikangawa, kucheka paini m'chifunga, ndipo mawu akuluwa ndinawatenga komweko. Anthu amati ndimakalipa. Sindikalipa ine. Munthu amene anazolowera kulankhula sowo ikulira sadziwanso kunong'ona, basi.

Mphepo ya kumeneko itandilowa m'mafupa ndinatsika, n'kupeza ntchito ya ukalipentala pa chipatala china kum'mwera kwa boma la Mzimba. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkachoka pakhomo wopanda khadi m'thumba. Ogwira ntchito ambiri pachipatalapo anali otumizidwa kuchokera kuchigawo chapakati. Chichewa changa ankachiseka, amati chimanunkha Chitumbuka, koma zitseko zimene ndinawakonzera sanazisekepo.

Mwa anthu amenewa munali bambo wina wamfupi, wa magalasi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Mpeni sankagwira. Ntchito yake inali kupha ululu pa nthawi ya opareshoni ndi kulondera moyo wa munthu mpaka adokotala a mpeni atamaliza. Tonse tinkangoti adokotala a tulo. Amayi obereka ndi mpeni sankawagoneka ndi mankhwala onunkha a pamphuno aja, chifukwa amati mwana amatuluka wolefuka. Ankawabaya jakisoni pamsana, thupi n'kuchita dzanzi kuyambira pansi pa mabere kutsika, mutu uli maso. Ine ndi iwo tinkangopatsana moni. Ndikati "Mwawuka uli, adokotala!" ankagwira magalasi awo ngati awuluka.

Nditagwira miyezi iwiri, mwana wanga woyamba anabwera kudzadikirira. Anakwatiwa ku Manyamula, mwamuna wake anali ku migodi ku Joni, ndipo mimba inali yoyamba. Anabwera pa ngolo ndi amayi ake. Panjira achinyamata a chipani anawaimika, n'kunena kuti anthu pangolopo ndi atatu, chifukwa wam'mimbayo nayenso ndi munthu, afunika lake khadi. Atafika anandionetsa akuseka.

"Adada, mdzukulu wanu dzina alibe, koma khadi ali nalo kale."

Asisita a ku chipinda cha amayi, mayi wamtali wa ku Ntcheu, atamupima anati mwana wagona chopingasa ndipo wakana kutembenuka. Panalibe zodikira matenda ayambe okha. Anati opareshoni ndi Lolemba m'mawa.

Lamulungu masana ndinapita ku fiyeta, chipinda cha opareshoni, kukakhoma waya wa udzudzu pa zenera. Anali atakolopa, chitseko chili pululu kuti muume. Munali matebulo awiri achitsulo. Lina latsopano, lonyezimira, pakati pa chipinda. Lina lakale cha kukhoma, lofunditsidwa nsalu yobiriwira yofika pansi. Asisita aja ankadutsa ndi beseni, ndiye ndinawafunsa.

"Asisita, mwana wanga mawa agona pati?"

"Pa lakalelo, a kalipentala. Limenelo ndi la amayi okha."

Anatero akupita, wina anali akuwaitana ku wodi. Ine mtima unali utayamba kale kuwawa. Tebulo labwino lilipo, mwana wanga n'kukamuika pa chitsulo chokalamba? Ndinaliyang'ana bwino, ndipo diso langa linakana. Ndinatulutsa levulo n'kuika pamwamba. Kathovu kam'madzi kaja kanathawira kumbali ngati kaona njoka. Ndinaika levulo pa simenti, simenti inali bwinobwino. Nditakweza nsalu ndinapeza mlandu wake. Pansi pa miyendo iwiri ya kudzanja lamanja panali zipika ziwiri, zodula ndi nkhwangwa, makungwa ali pomwepo, zomangidwa ndi waya wa mpanda.

Ndinaseka ndekha, koma kuseka kwa mkwiyo. Ndinati m'mutu mwanga, taonani ulesi wa anthu ophunzira. Wina anaona tebulo likugwedera, m'malo moitana kalipentala anatola nkhuni kuseri n'kutsamiza, ndipo kuyambira pamenepo amayi onse a m'dera lino akhala akugona chotsetsereka ngati thumba pa lole. Ana a anthu ena kaya. Wanga ayi.

Ndinatenga thabwa lolimba, n'kunyamulira tebulo, n'kudula waya uja. Litatera pansi ndinaikanso levulo. Kathovu kanabwera pakati, phee. Ndinabwezera nsalu monga inalili, chifukwa ntchito yabwino sifuna ng'oma. Zipika zija ndinakaponya kukhitchini ya odikirira odwala, kumene akazi anga ankavutika ndi nkhuni zaziwisi. Madzulo amenewo anaphikira nyemba, ndipo anayamikira kuti zinali zouma chomene.

Mwana wanga ndinamuuza ndili patali pang'ono, monga bambo amachitira.

"Usaope. Pogona pako ndakonza ndekha."

"Yewo, adada."

Sanandifunse kuti ndakonza chiyani, ndipo inenso sindinauze munthu.

Kwathu kuno mwamuna sayandikira pamene mkazi akubereka. Ngakhale mwamuna wake, mwini mimba, amakakhala kwa anzake, ndiye bambo womubala mkaziyo nanji. Thupi la mwana wako wamkazi, akakula, si lakonso kuliona. Choncho Lolemba m'mawa ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa fiyeta, ndikunola chitsulo cha puleni yopalira matabwa. Akazi anga anakhala pakhonde pafupi ndi chitseko. Ndinali nditamva kuti kuyambira m'bandakucha adokotala a tulo anali atamuika mwanayo diripi, botolo limodzi litatha n'kupachika lina, ndipo ndinati anthuwa akumusamala.

Chitsulo chisanathwe ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamvepo. Adokotala a tulo anakuwa. Mawu ake sindinawamve, koma kukuwako kunatuluka pa waya wanga wa udzudzu uja n'kundipeza pamtengo. Kenaka asisita anatulukira pakona akuthamanga, nsalu ya pakamwa ili m'khosi.

"A kalipentala! Zipika za pansi pa tebulo zili kuti?"

Ndinaimirira n'kudzigunda pachifuwa.

"Ndachotsa ndine! Mwaona tsopano mmene tebulo limakhalira?"

"Zili kuti?"

"Zaphika nyemba."

Mayi uja anandiyang'ana. Sanatukwane, ndipo mwina kutukwana kukanakhala bwino.

"Mwana wanu akukomoka. Tebulo lija limayenera kupendekeka. Pezani matabwa, msanga!"

Kuchokera pamtengo kufika ku shedi yanga sindikumbuka kuti ndinaponda pansi. Ndinatola zidutswa ziwiri zokhuthala za paini, zotsala pa benchi imene ndinkapanga, n'kubwerera. Pakhomo la fiyeta ndinawapatsa asisita. Anakana kulandira.

"Tebulo ndi lachitsulo, ndipo pali munthu wa mimba pamwamba. Adokotala a mpeni asamba kale m'manja, sangagwire pansi. A tulo sangachoke kumutu. Namwino mnzanga wagwirira mimba ya mwana wanuyo. Ine ndekha ndinyamule? Lowani."

Akazi anga anaima pachitseko, manja atatambasula.

"Awa ndi awiske, bambo ake omubala! Mukuti alowe? Mwana ali chivulire m'menemo!"

"Mama, naweya," anatero asisita mochonderera, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mawu a kwathu. "Tikachedwa mutaya awiri."

Akazi anga anatsitsa manja. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana asisita.

"Mbwenu aphimbeni kumutu. Miyendo ya tebulo ili pansi, kumwamba alibe nako ntchito."

Asisita anandivula nsapato, anandimanga nsalu pakamwa, n'kundiponyera chinsalu chobiriwira kumutu ngati mkwatibwi. Anandikoka pa dzanja. Zimene ndinaona m'chipinda chija tsiku limenelo ndi simenti yonyowa, zala za kumapazi kwanga, ndi miyendo iwiri yachitsulo. Amene anganene kuti ndinaona zoposa pamenepo abwere adzanene ndili pano.

Koma makutu sanandiphimbe. Ndinamva mwana wanga akufuna kusanza, kopanda kanthu kotuluka. Ndinamva mawu ake, aang'ono ngati a mwana wa zaka zitatu, akuti, "Kwada. Bwanji kwada?" Kunja dzuwa linali phwee. Ndinamvanso kampira kaja kamene amapopera pamkono poyesa mphamvu ya magazi, imene iwo amati bipi: fu, fu, fu, kenaka tsiii.

"Ikutsikabe," anatero adokotala a tulo. "Bambo, mbali ya kumanja kwake. Apo pamene mwaima. Kwezani."

Ndinagwada, n'kulowetsa phewa pansi pa chitsulo cha m'mbali, n'kukankha ndi miyendo. Ndinanyamulapo mitengo ya paini yaiwisi ine. Tebulo linakwera. Asisita analowetsa matabwa anga pansi pa miyendo, ndipo ndinayamba kutsitsa. Thabwa limodzi linatereka pa simenti, fyuu, mpaka kukagunda chidebe. Linali lopala bwino kwambiri. Ine sindisiya thabwa losapala, ngakhale chidutswa. Zipika zonyansa zija zinkaluma simenti ndi makungwa awo, koma anga anali osalala ngati sopo.

"Asiyeni matabwawo," anatero adokotala a tulo. "Bambo, mungathe kuligwira chomwecho?"

"Mpaka mawa!"

"Ndiye gwirani. Musasunthe. Ndipo musalankhule."

Palibe munthu anandiuzapo zimenezo ine n'kumvera. Tsiku limenelo ndinamvera.

Chitsulo chinkandidya paphewa. Pamwamba panga ndinkamva kulemera kwa mwana wanga ndi mwana wake, ndipo ndinamva kulemerako kukusendera kumanzere, kuchoka pa ine. Adokotala a tulo anauza asisita kuti atsegule diripi yonse, n'kunena kuti akuwonjezera jakisoni wina m'chingwe chake. Fu, fu, fu, tsiii. Chete. Fu, fu, fu, tsiii. Nthawi yonseyi sanasiye kulankhula ndi mwana wanga, ndi mawu awo aja a pansipansi.

"Mayi, mukundimva? Pumani kwambiri. Kwanu ndi ku Manyamula eti? Kumene kuja njinga zimachuluka kuposa nkhuku?"

Panalibe yankho. Thukuta linkandilowa m'maso m'kati mwa chinsalu. Ndinkayang'ana mabowo a dzimbiri pamene panadutsa waya amene ndinadula ndi manja anga, ndipo ndinadziwa kuti mwana uyu akapita, palibe wina womupha.

"Mayi, dzina la mwanayu mwakonza kale?"

Fu, fu, fu, tsiii.

Kenaka ndinamva mpweya wautali, ndi mawu olefuka koma ake enieni.

"Dzina alibe. Koma khadi ali nalo."

Asisita anaseka, kuseka kosakaniza ndi kulira. Adokotala a tulo anati, "Yabwerera. Adokotala, yambani." Ine ndinaluma nsalu ya pakamwa ija kuti ndisafuule.

Za mpeni sindinena, sindinaone. Ndinangomva zitsulo zikugundana ndi madzi akugwera m'beseni. Bondo langa lamanzere linachita dzanzi, ngati nanenso andibaya pamsana. Sipanapite nthawi yaitali, ngakhale phewa linkati papita chaka, ndipo pamwamba panga panapepuka. Kunali zii pang'ono. Kenaka kulira. Mawu aakulu, okwiya, odzaza chipinda chonse.

"Mwamuna," anatero asisita. "Ndipo sitifunsa kuti mawuwa watengera ndani."

"Tsitsani pang'onopang'ono, bambo," anatero adokotala a tulo. "Katundu wachoka. Tsopano likhoza kuwongoka mmene mumafunira muja."

Ananditulutsa ndili chiphimbire. Pakhonde akazi anga anandichotsa chinsalu, anaona magazi atadontha pa malaya pamene chitsulo chinang'amba khungu, n'kupukusa mutu.

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero. Kenaka anapita kukanditungira madzi.

Masana adokotala a tulo anabwera ku shedi yanga. Ndinali nditakonzeka kuchotsedwa ntchito, ndipo zida zanga ndinali nditaziika kale m'bokosi. Anakhala pa benchi yosatha ija n'kupukuta magalasi.

"Amayi ali bwino. Mwana akuyamwa."

"Yewo chomene."

"Ku Chikangawa kuja munali ndi mapaipi a mpira otungira madzi?"

"Analipo."

"Chipika chikagwera pa paipi, madzi amatani?"

"Amaima. Funso la mwana limenelo."

Ndiye anandifotokozera. Anati m'kati mwa munthu, motsamira msana cha kumanja, mumadutsa mtsempha waukulu wobweza magazi a kumiyendo kupita kumtima. Mayi wa mimba yaikulu akagona chagada, mimba imakhala pa mtsempha umenewo ngati chipika pa paipi. Masiku onse thupi limadzithandiza lokha, mitsempha ina imafinya n'kukankha magazi. Koma jakisoni wa pamsana amalefula mitsempha yonse ya kumunsi, magazi n'kungokhala m'miyendo ngati madzi m'dambo. Mtima umapopa wopanda chopopa. Mayi amaona mdima, ndipo mwana m'mimbamo mpweya umamuchepera. N'chifukwa chake amayamba amudzaza madzi a diripi, n'chifukwa chake jakisoni wokweza magazi amakhala atamukoka kale m'sirinji asanayambe, ndipo n'chifukwa chake tebulo limapendekera kumanzere, kuti chipika chigubuduke chichoke pa paipi.

Ndinamva zonse. Zinali zomveka, ngati ntchito ya manja. Koma sindinafune kugonja ulele.

"Nanga bwanji simunalembe pakhoma kuti zipikazi musachotse?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mukanawerenga?"

"Ndikanafunsa wina andiwerengere!"

"Ndiye kuti kufunsa mumatha."

Iwo anapitiriza, anati nawonso ali ndi mbali yawo. Maso awo anali pa botolo ndi pa msana wa wodwala, ndipo anazindikira kuti tebulo lawongoka atabaya kale, pamene anaona mimba yaloza kudenga. Jakisoni akalowa sabwerera. Anati kuyambira tsiku limenelo sadzabayanso munthu asanakweze nsalu n'kuona pansi.

"Koma adokotala," ndinatero, "zipika zanu zija zinali zonyansa. Zimenezo ndiye musandikanize."

"Ndinadula ndekha. Ine si kalipentala."

"Zinkaoneka."

Anaseka, ndipo ndinatulutsa zida m'bokosi.

Sabata imeneyo ndinapanga zipika zatsopano. Paini ndinamukana, ndi wofewa. Ndinapeza mlombwa wouma, n'kuboola mabowo oti miyendo ya tebulo izilowa ngati phazi mu nsapato, pansi pake n'kukhomerapo mpira wa tayala kuti zisaterereke. Kutalika kwake tinayesa limodzi. Adokotala a tulo anagona okha patebulo, ine n'kuwasanjika thumba la chimanga pamimba, asisita akuseka mpaka kugwira khoma.

"Kwezani pang'ono. Ayi, mwanyanya, ndigwa. Tsitsani. Apo."

Pamene anati apo ndinaika levulo yanga. Kathovu kanathawira kumbali monga kale. Ndinatenga mpeni n'kudula kachizindikiro pa thabwa la levuloyo, kusonyeza kukwera kwa mbali ya kumanja, kuti tsiku lina wina akadzasokoneza ndidzadziwe pobwezera. Ndinakhomanso kathabwa m'mbali ya kumanzere koletsa munthu kutsetsereka. Zipikazo ndinazipaka penti yofiira, ndipo aliyense wobwera kudzagwira ntchito pachipatalapo, kaya wokolopa kaya dokotala, ndinkamutengera ku fiyeta n'kumuonetsa. Kulemba pakhoma sikunafunikenso. Ndikanena ine, ndi a ku wodi ya amuna omwe ankamva.

Kumudzi nkhani inafika ine ndisanafike. Azakhali a mwana wanga anabwera ndi nkhope zolemera, amati mwambo waswedwa, bambo walowa m'chikuta cha mwana wake. Ndinawauza kuti ndinaona miyendo ya tebulo basi. Sanakhulupirire mpaka akazi anga atanena kuti chinsalu anachiona okha chikuikidwa ndipo anachichotsa ndi manja awo. Mkulu wa azakhaliwo anafunsa kuti, nanga makutu? Akazi anga anati makutu a bambo awa anafa kalekale ku Chikangawa, samva za munthu aliyense. Nkhani inathera m'kuseka, ndipo anandipatsa mdzukulu wanga kuti ndimunyamule. Ndinamunyamulira kumanzere, phewa lamanja linali lisanapole.

Mwana wanga ndinamuuza ndekha zimene ndinachita, atachira. Sindinafune azimve kwa ena. Anamvetsera mpaka kumapeto, mwana ali kubere.

"Ndinadziwa kuti muli pansi paja, adada."

"Unadziwa bwanji? Sindinalankhule."

"Fungo la utuchi. Ndiye ndinati, ngati adada ali muno ndipo ali chete, zinthu zavuta ndithu. Ndiyenera kudzuka."

Patapita zaka zitatu anabweranso ndi mimba yachiwiri, ndipo chifukwa cha bala loyamba lija anati ndi mpeninso. M'mawa wake ndinalowa ku fiyeta iye asanabwere. Ndinapeza adokotala a tulo atagwada kale, nsalu ili m'manja, akuyang'ana pansi pa tebulo. Ndinaika levulo, tinaona chizindikiro tonse awiri, ndipo ndinatuluka kukakhala pansi pa mango paja, kumene bambo ayenera kukhala. Palibe amene anakuwa. Chitsulo cha puleni chinathwa, ndinayamba kunola tchizulo, kenaka asisita anasuzumira pazenera.

"A kalipentala! Wamkazi. Mayi wake sanaone mdima ngakhale pang'ono, amacheza nafe mpaka kumaliza. Akuti tikuuzeni kuti tebulo lanu ndi lokhota bwino."